Katswiri wanga amenye pachingati? Zokambirana za pa gulu la ligi ya Out of the Park (OOTP), gemu ya pa kompyuta yoyendetsa timu ya baseball

Komishonala: Mwaswera bwanji nonse. Sim ya sabata ino, pamene kompyuta imasewera magemu athu onse, ndiyendetsa mawa 8 koloko usiku. Tidutsa masiku 7 a mu gemu, kuyambira pa 23 June mpaka pa 29 June. Ma export, mafayilo a zimene mwasintha pa timu yanu, afike isanakwane 7 koloko. Amene satumiza, timu yake isewera ndi zimene anasiya sabata yatha, ndipo roster ikakhala ndi vuto ndiisiyira kompyuta ikonze yokha. Mukudziwa kale mmene kompyuta imakonzera zinthu. Tilandirenso mnzathu watsopano amene watenga Pirates.

Wa pa Ndirande: Zikomo madala, zikomo nonse pondilandira. Ine ndakulira pa Football Manager, Out of the Park ndikuyamba kumene, ndiye muzindipirira. Funso langa loyamba ndi ili. Ndili ndi mnyamata wa pa first base, ratings zake mu gemu ndi contact 65, power 70, eye 60. Timu yonse palibe womuposa. Amene anali ndi timuyi ankamuika pachiwiri mu lineup, mndandanda wa omenya. Ine ndimamva kuti womenya bwino kuposa onse amakhala pachitatu kapena pachinayi. Ndimusunthe?

Ankolo a ku Mzuzu: Pachitatu basi. Woyamba akhale waliwiro, wachiwiri wodziwa kusuntha mnzake ndi bunt, wachitatu katswiri wanu, wachinayi wamphamvu. Baseball yakhala ikuseweredwa choncho kuyambira kale. Anakusiyirani timuyo ankangoyesa zinthu.

Chikwanje: Takulandirani aise. Osadandaula, kuno tonse tinabwera tikudziwa mpira wamiyendo wokha

Achimwene a ku Joni: Takulandirani amwene. Simuli kutali kwambiri ndi kwanu ayi. Markus Heinsohn, amene anayambitsa gemuyi mu 1999, anagwirapo ntchito ndi Sports Interactive, eni ake a Football Manager, ndipo OOTP 2006 ndi 2007 zinatulukira kumeneko. Zambiri muziona ngati mukuzidziwa kale. Kusiyana kwake, uku gemu ndi ya tsiku ndi tsiku, magemu 162 pa sizoni, ndiye kutopa kwa osewera sikochitira nthabwala.

Nachisale: Musamusunthe. Ankolo ndimakulemekezani, koma pamenepa ndikutsutsani, ndipo si koyamba.

Tiyambe ndi masamu osavuta. Gemu ikamatha, pamakhala munthu mmodzi amene wamenya komaliza. Tingoti malo onse 9 ali ndi mwayi wofanana wokhala omaliza. Magemu 162 kugawa ndi 9 ndi 18. Ndiye kuti mukamutsitsa munthu malo amodzi mu lineup, mwamulanda mwayi womenya pafupifupi ka 18 pa sizoni. Woyamba amaposa wachisanu ndi chinayi ndi maulendo oposa 140. Ichi ndi chifukwa chake simuika munthu wofooka pamwamba pongoti amathamanga.

Chachiwiri, malo achitatu sali okoma mmene anthu amaganizira. Mu inning yoyamba, woyamba ndi wachiwiri akatuluka onse, wachitatu amabwera pali ma out awiri ndipo pa base palibe aliyense. Zimachitika kawirikawiri, chifukwa ngakhale womenya wabwino amatuluka kambiri kuposa mmene amafikira pa base. Tom Tango, katswiri wa ziwerengero za baseball, ndi anzake atawerengera zimenezi anapeza kuti omenya anu atatu abwino kwambiri ayenera kukhala pa 1, pa 2 ndi pa 4, ndipo otsatira awiriwo pa 3 ndi pa 5. Matimu a MLB, ligi yaikulu ya baseball ku America, anayamba kutsatira. Aaron Judge wamenya magemu ambiri ali pachiwiri, ndipo kumapeto kwa 2022, pamene ankathamangira ma home run 62 aja, Yankees inkamuika koyambirira penipeni. Shohei Ohtani naye wakhala akutsegulira Dodgers.

Ankolo a ku Mzuzu: Ndiye Rickey Henderson anali wolakwika kukhala woyamba? Munthu anaba ma base 1,406.

Nachisale: Henderson sankakhala woyamba chifukwa cha miyendo yokha ankolo. Ankafika pa base ka 4 pa maulendo 10 aliwonse. Kuba base kumayamba ndi kufika pa first. Waliwiro amene safika pa base amangothamangira ku benchi.

Chikwanje: 😂😂 ankolo lero mwakumana nazo

Wa pa Ndirande: Ndiye ndimusiye pachiwiri. Nanga ena onsewo? Ndakhala ndikusinthasintha 5, 6 ndi 7 mpaka mutu kuwawa

Aphunzitsi a Masamu: Pamenepo ndi pamene ndimafuna kulowera. Achemwali anena zoona, koma asiya mbali ina. Kusiyana kwa lineup yosanjidwa bwino kwambiri ndi lineup wamba yosanjidwa mwanzeru chabe ndi kochepa. Pa sizoni yonse mwina ndi gemu imodzi yopambana, zikakoma kwambiri ziwiri. Bola omenya bwino ali pamwamba ndipo ofooka ali pansi, zina zonsezo n'zokometsera. Musaike amanzere atatu motsatizana kuti mnzanu asakutsekeni ndi pitcher mmodzi wamanzere, basi mwatha.

Chimene chimagwetsa timu mu ligi ino si kuti ndani ali pachisanu ndani pachisanu ndi chimodzi. Ndi kuti ndani ali mu timumo. Tatumizani kuno chithunzi cha roster yanu ya 26, ya 40, ndi injured list (IL), mndandanda wa ovulala.

Wa pa Ndirande: Ndatumiza zitatu zonse. Pepani netiweki ikuvuta, chachitatu chikukwera pang'onopang'ono

Achimwene a ku Joni: Eee. Amwene, iwalani za lineup kaye.

Nachisale: Catcher wanu wayamba magemu 72 mwa 76. Akumupha munthuyu.

Wa pa Ndirande: Ndiye wabwino ndi yemweyo achemwali. Wachiwiriyo contact yake ndi 35

Nachisale: Ndaona. Koma tsegulani ma splits ake mwezi ndi mwezi. April anamenya .290, May .261, June ali pa .204. Ratings zake sizinasinthe, watopa chabe. Catcher amakhala chonjuta gemu yonse, mpira ukumugunda m'manja ndi m'mawondo. Ku MLB kwenikweniko ma catcher ambiri odalirika sayamba magemu opitirira 120 kapena 130. Mu OOTP munthu wotopa amasewera pansi pa ratings zake, ndipo mwayi wovulala umakwera. Lowani mu depth chart, pa dzina la catcher wachiwiriyo muike kuti aziyamba gemu yachinayi kapena yachisanu iliyonse. Mukangoika pamenepo kompyuta izichita yokha ngakhale inu mutagona. Catcher wa 35 wosewera kamodzi pa magemu anayi ndi wotchipa kuposa catcher wa 35 wosewera tsiku lililonse kwa miyezi iwiri chifukwa mwini malo ali pa injured list.

Aphunzitsi a Masamu: Chimodzimodzi shortstop ndi center fielder, ngakhale iwo satopa msanga ngati catcher. Kamodzi pa masabata awiri apumeko. Ndipo popeza DH ilipo m'maligi onse awiri a MLB kuyambira 2022, ndi malamulo amene tikutsatira kunowa, muzigwiritsa malo amenewo kupumitsira anthu. Katswiri wanu wa pa first akhoza kukhala DH tsiku lina, amenye koma asaime pabwalo.

Wa pa Ndirande: Zamveka. Koma pali china chikuthwanima chofiira. Akuti pitcher wina wachira, achoke pa 60-day IL. Ndikamubweza ikukana

Komishonala: Ikukana chifukwa roster yanu ya 40 ndi yodzaza. Ndifotokoze pang'ono, chifukwa atsopano onse amapunthwa pomwepa.

Muli ndi ma roster awiri. Ya 26 ndi anthu amene angasewere lero, ndipo mwa iwo ma pitcher asapitirire 13. Mu September imakwera kufika 28, ma pitcher 14. Ya 40 ndi anthu 26 omwewo kuphatikiza ena amene ali ndi kontrakiti ya timu yaikulu koma ali ku minor league kapena pa injured list yaifupi. Palibe angalowe mu 26 asanalowe mu 40. Munthu akakhala pa IL ya masiku 10, kapena ya masiku 15 ngati ali pitcher, amawerengedwabe mu 40. Akakhala pa ya masiku 60 sawerengedwa. Amene anali ndi timuyi anaika pitcher wanuyo pa 60, malo ake n'kulowetsapo wina. Tsopano mwini mpando wabwera. Ili ngati minibasi yodzaza, kuti wina akwere ndiye kuti wina atsike, ndipo kondakitala ndinu.

Wa pa Ndirande: Ndingotsitsa mmodzi ku Triple-A, minor league yapamwamba ija, basi?

Komishonala: Kutsitsa kumatsegula malo mu 26, osati mu 40. Inu mukufunika malo konse kuwiri. Kuti munthu achoke mu 40 muyenera kumugulitsa, kumumasula, kapena kumuika pa DFA (designated for assignment). Mukamuika pa DFA amachoka mu 40 nthawi yomweyo, ndipo muli ndi masiku 7 oti mumugulitse kapena adutse pa waivers. Pa waivers timu iliyonse ikhoza kumutola ndi kontrakiti yake. Akadutsa popanda womutola, ndi pamene mungamutumize ku minor league ali kunja kwa 40.

Chikwanje: Nkhani yaphweka iyi. Pali outfielder wamanzere uyo wa zaka 27, akumenya .228, ma option anatha. Ameneyo ndi katundu chabe aise. Muikeni pa DFA, mavuto onse atha. Palibe angamutole ndi .228 imeneyo

Wa pa Ndirande: Inenso ndimamuyang'ana yemweyo. Koma ma option ndiye chiyani?

Achimwene a ku Joni: Munthu akalowa mu 40 amakhala ndi ma option atatu. Anthu amasokoneza poganiza kuti ndi maulendo atatu otsika. Ayi, ndi masizoni atatu. Mu sizoni imene wakhala ku minor league masiku 20 kapena kuposa, option imodzi yapsa, kaya anatsika kamodzi kaya kanayi. Kungoti kuyambira 2022 simungamutsitse kopitirira kasanu mu sizoni imodzi. Komanso wotsitsidwa sabwera msanga, amakhala masiku 10, pitcher masiku 15, pokhapokha ngati akudzalowa m'malo mwa wovulala. Zitatuzo zikatha, simungamutsitsenso popanda kumudutsitsa pa waivers. N'chifukwa chake munthu amene ali ndi ma option ndi wamtengo wapatali kuposa mnzake wofanana naye amene alibe. Woyambayo mukhoza kumukweza ndi kumutsitsa mmene mwafunira, winayu ndi kumusunga kapena kumutaya.

Nachisale: Musanadine chilichonse, a pa Ndirande, tsegulani standings muone timu imene ili pansi penipeni pa ligi.

Wa pa Ndirande: Rockies. 27-50

Nachisale: Mwini wake ndani?

Wa pa Ndirande: Aaa. A Chikwanje

Nachisale: Pa waivers, matimu angapo akafuna munthu mmodzi, amapita ku timu imene ili ndi mbiri yoipa kuposa onse. Ndiye amene akukulangizani kuti mutaye outfielder ndi yemwe ali kutsogolo kwa mzere womutola.

Chikwanje: Achemwali mwandiwonongera bizinesi 😭

Ankolo a ku Mzuzu: Mnyamata uyu ndi tambwali. Sizoni yatha anachita zomwezi ndi shortstop wa Twins.

Chikwanje: Palibe lamulo ndinaphwanya ankolo. Ndinapereka malangizo, munthu anawalandira yekha

Komishonala: Lamulo silinaphwanyike, koma mlendo sitimulandira choncho. Tapitirizani achemwali.

Nachisale: Outfielder ameneyu .228 yake ikunama. Dinani pa ratings zake muone mbali ziwiri. Akakumana ndi pitcher wa dzanja lamanja, contact 55, power 60, eye 55. Akakumana ndi wamanzere, contact 35, power 40. Anthu awiri osiyana m'thupi limodzi. Amene anali ndi timuyi ankamuseweretsa tsiku lililonse, ndipo amanzerewo ndi amene amugwetsera avareji. Omenya amanzere ambiri ali choncho, mpira wokhota wa pitcher wamanzere umawathawa, pamene wa pitcher wamanja umabwera cha kwa iwo ndipo amauona bwino.

OOTP imakupatsani ma lineup awiri, ina ya vs RHP (pitcher wamanja) ina ya vs LHP (pitcher wamanzere). Anthu aulesi amangokopera yoyamba n'kuimata pa yachiwiri. Inu musatero. Pa benchi panu pali outfielder wa dzanja lamanja wa zaka 30 amene palibe akumuyang'ana, amene ali ndi contact 55 kwa amanzere. Wamanzereyo ayambe pitcher akakhala wamanja, amene ndi magemu ochuluka, winayo ayambe pitcher akakhala wamanzere. Anthu awiri wamba akupatsani left fielder mmodzi wabwino, pamtengo wochepa. Si nzeru yatsopano. Casey Stengel ankachita zimenezi ndi Yankees m'ma 1950, Earl Weaver naye ndi Orioles. Phindu la platoon imodzi yotere limaposa kusinthasintha 5, 6 ndi 7 kwa sizoni yonse.

Aphunzitsi a Masamu: Ndingowonjezera chenjezo. Posankha platoon yang'anani ratings, osati ziwerengero za sizoni ino zokha. Pofika June munthu amakhala atakumana ndi amanzere mwina ka 70 kapena ka 80. Pa maulendo ochepa chonchi, timipira tinayi togwera pabwino tisintha avareji ndi mapointi 50. Pa mnyamata uyu ratings ndi ziwerengero zikugwirizana, ndiye palibe chokayikitsa. Koma zikamatsutsana, ine ndimakhulupirira ratings, makamaka ngati scout wanu ali wabwino ndipo akugwirizana ndi za OSA, ma scout a ligi yonse mu gemumo.

Ankolo a ku Mzuzu: Ine za platoon sindikana. Chimene ndimadana nacho ndi kudya malo a pa benchi. Ma pitcher 13, otsala 13, oyamba 9, benchi anthu 4 okha. Catcher wachiwiri mmodzi, wa platoon mmodzi, watsala ndi awiri. Ndipo mmodzi mwa awiriwo ndikuona kamwana ka zaka 21 komenya .170. Kakutani mu timu yaikulu?

Wa pa Ndirande: Kameneko ndinayesa kukatsitsa, ikukananso. Palembedwa Rule 5

Achimwene a ku Joni: Ndiye nkhani ina imeneyo. Rule 5 draft imachitika mu December. Mnyamata amene anasayina ali ndi zaka 18 kapena kucheperapo, akatha masizoni asanu asanaikidwe mu 40, timu ina ikhoza kumutenga. Amene anasayina ali ndi zaka 19 kupita m'mwamba, ndi masizoni anayi. Wotengayo amalipira $100,000, koma ayenera kumusunga mu 26 sizoni yonse. Akalephera, mnyamatayo adutse pa waivers, kenako aperekedwe kwa eni ake akale pa $50,000. Cholinga chake n'choti matimu olemera asamaunjike ana aluso ku minor league osawapatsa mwayi. Pirates yeniyeniyo inapeza Roberto Clemente mwa njira imeneyi mu 1954, kumulanda ku Dodgers. Johan Santana naye anachoka ku Astros mu 1999 kudzera momwemo, n'kukapambana Cy Young, mphotho ya pitcher wopambana, kawiri ku Twins.

Koma tisanamizane, ambiri a Rule 5 sakhala a Clemente. Funso ndi lakuti kamwana kanuko kakuthandizani chiyani lero pamene mukudikira mawa. Ndaona glovu yake pa shortstop ndi 70, amathanso second ndi third, liwiro 65. Ndiye si katundu wakufa. Ndi utility infielder wanu ameneyo. Alowe mu inning ya 8 mukamatsogola, athamangire wina wolemera miyendo, ayambe gemu shortstop akamapuma. Mwadutsa naye kale pafupifupi theka la sizoni, kumubweza pano ndi kutaya miyezi itatu imene mwavutika nayo.

Anthu a glovu otere ndimawamvera chisoni. Kuno ku Randburg anthu amanyadira Gift Ngoepe, amene anakulira pa bwalo la Randburg Mets pamene mayi ake ankagwira ntchito. Anakhala zaka zambiri ku minor league ya Pirates, n'kudzalowa MLB mu April 2017, woyamba wobadwira mu Africa muno, ndipo ulendo wake woyamba womenya anapeza hit kwa Jon Lester. November chaka chomwecho anali atagulitsidwa kale ku Toronto. Glovu inali yabwino, bat inali yofooka, ndipo munthu wotere amakhala wa nambala 39 kapena 40 pa roster, woyamba kusunthidwa malo akafunika.

Ankolo a ku Mzuzu: Nkhani yogwira mtima achimwene, koma .170 ndi .170. Timu ikutsalira ndi magemu 4 okha mu division. Inning ya 9 mukufuna pinch hitter, mutembenuka pa benchi mupeza mwana.

Achimwene a ku Joni: Pali DH ankolo, pinch hitter sakufunikanso kawirikawiri ngati kale pamene pitcher ankamenya. Ndipo wa platoon amene sanayambe tsiku limenelo ndiye pinch hitter wanu.

Ankolo a ku Mzuzu: Tionana mu September.

Wa pa Ndirande: Chabwino. Outfielder akhala, ka Rule 5 kakhala. Nanga atsike ndani? Pitcher wanga akadali panja

Aphunzitsi a Masamu: Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kugula nthawi. Mutumizeni pa rehab assignment ku Triple-A. Pitcher amaloledwa mpaka masiku 30, ndipo nthawi yonseyo akadali pa 60-day IL, sakudya malo mu 40. Munthu amene wakhala miyezi iwiri osaponya ndi bwinonso ayambire kumeneko gemu imodzi kapena ziwiri. Sabata ino simukukakamizidwa kutaya aliyense.

Yachiwiri ndi imene mudzachitebe sabata yamawa. Yang'anani reliever wamanzere wa zaka 33 uyo. ERA (ma run amene amalola pa ma inning 9) 5.80, stuff yatsika kufika 40, stamina 20. Kwa omenya amanzere akadali bwinoko, kwa amanja ndi nyama. Kale munthu wotere anali ndi ntchito, ankalowa kudzatulutsa wamanzere mmodzi n'kubwerera kukakhala. Kuyambira 2020 pitcher akalowa ayenera kukumana ndi omenya atatu kapena kumaliza inning. Ntchito yake inatha ndi lamulo limenelo. Mukamuika pa DFA mwatsegula malo mu 40, mu 26, ndi mwa ma pitcher 13 aja, zonse ndi dzanja limodzi.

Wa pa Ndirande: Koma akulandira $4.5 miliyoni chaka chino. Ndimutaye ndalama zonsezo?

Nachisale: Ndalamazo zinapita tsiku limene anasayina. Kontrakiti za MLB ndi zotsimikizika, mulipira kaya akusewera kaya ali kwawo. Ali ndi service time, nthawi imene wakhala mu timu yaikulu, yoposa zaka 5, ndiye akhoza kukana kupita ku minor league n'kuchoka ndi malipiro ake onse. Chimene mungasankhe ndi chimodzi: kulipira $4.5 miliyoni n'kumaluzanso magemu, kapena kulipira $4.5 miliyoni malowo n'kupatsa woponya bwino. Wina akamutola pa waivers ndiye mwapulumuka, chifukwa amatenga ndi kontrakiti yomwe.

Chikwanje: Ameneyo ine sindimutola, musandiyang'ane

Wa pa Ndirande: 😂 ndimati mwina mundithandiza aise

Aphunzitsi a Masamu: Poti tili pa bullpen pomwepo, taonaninso ma role. Reliever wanu wabwino kuposa onse waponya ma inning 24 okha, chifukwa anaikidwa kuti azilowa mu inning ya 9 pokhapokha pali save. Sabata imene simukutsogola ndi ma run atatu kapena ochepera, iye amangokhala. Mu 2016, pa Wild Card ya Orioles ndi Blue Jays, Buck Showalter anasunga Zack Britton, munthu amene chaka chimenecho anali ndi ERA ya 0.54 ndi ma save 47 osaphonya ngakhale imodzi. Ankadikira kuti atsogole kaye. Edwin Encarnación anamenya home run mu inning ya 11 kwa Ubaldo Jiménez, sizoni n'kuthera pomwepo, Britton asanaponye mpira ngakhale umodzi. Kompyuta mukaisiya imachita za Showalter sabata iliyonse. Sinthani usage yake kuti azilowanso mu inning ya 8, komanso gemu ikakhala yofanana.

Ankolo a ku Mzuzu: Apa ndiye tigwirizana aphunzitsi. Gemu imene ija ndimaikumbukira, ndinakwiya ngati timu ndi yanga. Koma musamuthyole mkono mwanayo. Masiku atatu otsatizana ayi.

Wa pa Ndirande: Lomaliza, pepani ndakutopetsani. Ku Triple-A kuli third baseman wa zaka 22 akumenya .318, ma home run 17. Wa mu timu yaikulu akumenya .235. Ndimukweze? Wina anandiuza ku inbox kuti ndidikire chifukwa cha service time

Nachisale: Ku inbox anakuuzani ndani?

Chikwanje: Si ine ulendo uno, ndikulumbira

Komishonala: Nkhani ya service time ndi yeniyeni, koma nthawi yake yadutsa. Masiku 172 mu timu yaikulu amawerengedwa chaka chimodzi, ndipo zaka 6 zikakwana munthu ndi free agent. Ndiye matimu amachedwetsa mwana masabata awiri oyamba a April kuti chaka choyambacho chisakwane, apeze sizoni yachisanu ndi chiwiri. Cubs inachita zimenezi ndi Kris Bryant mu 2015, anakwezedwa pa 17 April n'kumaliza chaka ndi masiku 171, kuperewera tsiku limodzi. Anakadandaula koma mlandu anagonja. Palinso Super Two, imene imapatsa ena mwayi wa arbitration, wokadandaula kuti malipiro akwere, chaka chimodzi msanga, koma kumapeto kwa June kuno ngakhale imeneyo simukuiopanso. Pa mbali ya ndalama palibe chokuletsani.

Chokuletsani ndi chomwe chija. Mwanayo sali mu 40. Mukufunika mpando wachiwiri.

Wa pa Ndirande: Pali catcher wachitatu ku Triple-A, zaka 31, ali mu 40 koma sanasewerepo gemu ndi imodzi yomwe kuno

Nachisale: Ine ndikanamuchotsa ameneyo. Catcher wa zaka 31 womenya .210 ku Triple-A amadutsa pa waivers popanda womuyang'ana, ndipo akhalabe wanu kunja kwa 40. Third baseman wanu akuposa amene alipoyo ndi patali, sabata iliyonse imene ali ku Triple-A mukutaya ma run.

Achimwene a ku Joni: Apa sindigwirizana nanu achemwali. Mu ligi ya kompyuta akhoza kudutsa, koma muno muli anthu, ndipo matimu awiri ali ndi ma catcher ovulala pakali pano. Taganizani, catcher woyamba ndi wotopa kale, mwanena nokha. Avulale Lachiwiri la mu gemu, sim ikuyenda masiku 7 osaima, mu 40 mulibe catcher wina. Kompyuta idzadzisankhira yokha wokweza ndi wochotsa. Ine ma catcher atatu mu 40 sindiwakhudza. Bola kudikira, mugulitse third baseman wakaleyo trade deadline ya kumapeto kwa July isanafike, malo atseguke okha.

Nachisale: Mwezi wathunthu umenewo. Magemu pafupifupi 30 ndi munthu wa .235, pamene mukutsalira ndi 4.

Achimwene a ku Joni: Sindinati adikire mpaka tsiku lomaliza. Amuike pa trade block lero.

Aphunzitsi a Masamu: Pali dzina lina limene nonse simunalitchule. Nambala 38 pa chithunzicho, reliever wa ku Double-A wa zaka 26, control 30, potential inatsika kale. Anaikidwa mu 40 pomuteteza ku Rule 5 masizoni awiri apitawo ndipo sanakule. Ma roster ambiri a 40 amakhala ndi munthu wotere amene aliyense anamuiwala. Yambirani ameneyo.

Nachisale: Ameneyo ndinamudumpha. Aphunzitsi atenga.

Wa pa Ndirande: Ndachita motere. Pitcher wapita pa rehab. Reliever wa ku Double-A ali pa DFA, mwana wa pa third walowa mu 40 ndipo wakwera, ndatsitsa infielder wa pa benchi amene anali ndi option imodzi yotsala. Third baseman wakale wakhala pa benchi ndipo ali pa trade block. Catcher wachiwiri aziyamba gemu yachinayi iliyonse. Left field ndi platoon. Closer azilowa kuyambira inning ya 8. Wa zaka 33 uja ndimuona sabata yamawa pitcher akamabwera. Mwana watsopanoyu ndamuika pa 6. Export ndatumiza madala, magetsi asanazime

Ankolo a ku Mzuzu: Ndipo wa pa first uja?

Wa pa Ndirande: Pachiwiri ankolo, pepani

Chikwanje: Third baseman wakaleyo mukufuna chiyani? Tabwerani ku inbox tikambirane ngati anthu akuluakulu

Nachisale: Mukambirane pompano, tonse tikuona.

Komishonala: Export ya Pirates yafika, ili bwino. Otsala ndi Twins, Mariners ndi Cardinals. Ankolo, ya Cardinals yanu munatumiza dzulo ija ili ndi ma pitcher 14, ndipo shortstop wanu anachira masiku asanu apitawo koma akadali pa IL. Konzani mutumizenso isanakwane 7 koloko mawa.

Ankolo a ku Mzuzu: Laputopu ili ndi mdzukulu, akulembera homuweki. Ndikonza m'mawa.